Kuŵedza pa Nyanja Youndana: Chipale Chikasanduka Phala

M'nkhani yathu ya lero tikutengani kupita kutali, ku chigawo cha Minnesota, kumpoto kwa dziko la United States of America, kumalire ndi dziko la Canada. Kumeneko kuli asodzi amene amapita kukaŵedza pakati pa nyanja opanda bwato ndiponso opanda nkhafi. Ena amayenda pansi, ena amakwera njinga zamoto, ena amayendetsa galimoto ndithu pamwamba pa nyanja, nakaima pamene afuna, kuboola dzenje ndi kutsitsa mbedza. Zimenezi zimatheka chifukwa m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene ife kuno tili kalikiliki kupalira ndi kubandira, kumeneko kumazizira kotero kuti madzi a pamwamba pa nyanja amaundana n'kuuma gwa ngati mwala. Madzi oundanawo ndiwo ayezi, yemwe uja timamuona m'firiji kapena m'mabokosi a ogulitsa nsomba.

Munthu wakuno akamva zimenezi amaganiza kuti mdani wamkulu wa msodzi wotere ndi kuzizira. Sizili choncho ayi. Msodzi wa ku Minnesota amakondwera kukazizira kwambiri, pakuti kuzizirako ndiko kumam'mangira msewu. Chimene chimam'detsa nkhaŵa ndi nyengo ya pakatikati: kukagwa chipale chofeŵa chambiri pa ayezi wosakhwima, kapena kukafunda pang'ono n'kugwa mvula pakati pa nyengo yachisanu. Pamenepo pamwamba pa nyanja pamachita phala la madzi osakanikirana ndi chipale, limene eni ake amalitcha slush. Lero tiona mmene phala limeneli limabwerera, chifukwa chake limatseka njira yopita pa nyanja, ndi mmene anthu amalimbanirana nalo.

MMENE NYANJA IMAUNDANIRA

Choyamba tisiyanitse zinthu zimene zingatisokoneze. Chipale chofeŵa si matalala. Matalala timawadziŵa tonse: ndi timiyala tolimba tija timaboola masamba a fodya m'munda. Chipale chofeŵa chimagwa mwakachetechete ngati thonje louluka ndi mphepo, ndipo chimaunjikana pansi ngati ufa woyera. M'kati mwake mumakhala mpweya wambiri. Koma ayezi amene asodzi amapondapo sagwa kuchokera kumwamba. Ndi madzi a nyanja yeniyeniyo amene aundana kuyambira pamwamba kumatsikira pansi.

Kodi nanga nyanja imalekeranji kuundana yonse mpaka pansi, nsomba n'kufa? Yankho lake lili m'khalidwe lodabwitsa la madzi. Madzi amalemera koposa akakhala pa madigiri 4 pa muyeso wa Celsius. Akazizira kupitirira pamenepo amayamba kupepuka. Motero nyengo yachisanu ikamayamba, madzi a madigiri 4 amatsikira pansi pa nyanja, ndipo ozizira kwambiri amatsala pamwamba, mpaka akafika pa ziro amaundana. Popeza ayezi ndi wopepuka kuposa madzi, samira, koma amayandama ngati chivundikiro. Pansi pa chivundikirocho nsomba zimasambira nyengo yonse yachisanu.

Chigawo cha Minnesota chili ndi nyanja 11,842, kuŵerenga zokhazo za maekala 10 kapena kupitirira apo. Kuzizira kwake n'kosasimbika. Pa 2 Febuluwale, 1996, pafupi ndi tawuni ya Tower, kudazizira mpaka madigiri 51 pansi pa ziro. M'chaka chabwino, nyanja za kumpoto kwa chigawochi zimakhala ndi ayezi wochindikala mafuti aŵiri kapena atatu pofika Febuluwale.

Komatu ayezi safanana. Kukazizira kwa masiku angapo kuli bata, popanda chipale, ayezi amene amapangika ndi woonekera ngati galasi, kotero kuti munthu atha kuona udzu wa pansi pa nyanja. Ameneyu ndiye wolimba koposa. Palinso ayezi woyera ngati mkaka, amene amapangika phala la chipale likaundana. Ameneyu amakhala ndi timatumba ta mpweya tambirimbiri, ndipo mphamvu yake ndi theka chabe la mphamvu ya woonekera uja.

Dipatimenti ya Zachilengedwe ya chigawochi imalangiza motere za ayezi watsopano woonekera. Ngati kuchindikala kwake sikudafike mainchesi 4, amene ndi masentimita 10, munthu asapondepo. Pa mainchesi 4 munthu atha kuyendapo pansi. Njinga yamoto yoyenda pa chipale imafuna mainchesi 5 mpaka 7. Galimoto yaing'ono mainchesi 9 mpaka 10. Ndipo galimoto yaikulu yokoka nyumba ya asodzi imafuna mainchesi 20 kapena kuposerapo. Ngati ayeziyo ndi woyera, manambala onseŵa aŵirikizidwe kaŵiri. Dipatimentiyi imakumbutsanso anthu chaka ndi chaka kuti palibe ayezi amene munthu angam'khulupirire kotheratu.

KAŴEDZEDWE KAKE

Msodzi akafika pamalo amene wasankha, amaboola ayezi ndi chitsulo chopotana ngati sikuluwu yaikulu. Ena amachizunguza ndi manja, ena chawo chimayendera injini kapena batire. Dzenje lake limakhala la mainchesi 6 mpaka 10 m'mimba mwake, longokwanira kutulukirapo nsomba. Ndodo ya mbedza ndi yaifupi, yotalika ngati mkono wa munthu, pakuti palibe zoponya patali. Nyambo yake kaŵirikaŵiri ndi tinsomba tamoyo tonga matemba, kapena mphutsi. Pa nyanja zambiri lamulo limalola msodzi mmodzi kutsitsa zingwe ziŵiri, ndipo chachiŵiricho ambiri amachimangirira pa kamsampha kokhala ndi kambendera, kamene kamadzuka nsomba ikadya nyambo.

Nsomba imene amaifuna koposa ndi walleye, nsomba ya maso oŵala imene imaona bwino kukakhala kamdima, n'chifukwa chake imadya kwambiri mbandakucha ndi chisisira. Mu 1965 aphungu a chigawochi adaisankha kukhala nsomba yoimira Minnesota. Luso loŵedza pa ayezi silachilendo kumeneko. Anthu a mtundu wa Ojibwe, amene Azungu adawapeza m'deralo, ankaboola ayezi, n'kutsitsa kansomba kosema ka mtengo kuti kanyenge nsomba zazikulu, ndipo zikayandikira ankazibaya ndi mkondo.

Masiku ano asodzi ambiri amabisala mphepo m'timatenti kapena m'tinyumba ta matabwa. Ena ali ndi nyumba za matayala zokhala ndi mabedi, chitofu ndi mabowo pansi, kotero kuti munthu atha kuŵedza ali chigonere. Pa nyanja zazikulu monga Mille Lacs ndi Lake of the Woods, nyumba zotere zimafika zikwi zingapo, ndipo usiku magetsi ake amaoneka ngati tawuni yoyandama. Anthu ambiri amadyera pamenepa: eni malo ogona alendo, ogulitsa nyambo, ogulitsa mafuta, obwereketsa nyumba ndi okonza misewu ya pa ayezi. Kwa iwoŵa, miyezi itatu kapena inayi ya ayezi ndiyo munda wawo.

PHALA LIMACHOKERA KUTI?

Tsono tifike pa phala lija. Akulu adati walira mvula walira matope. Anthu a ku Minnesota amachikonda chipale, pakuti chimakongoletsa dziko ndipo amaseŵerapo maseŵera osiyanasiyana. Koma chikagwera pa nyanja chimachita zinthu ziŵiri zimene msodzi sazifuna.

Choyamba, chipale ndi bulangete. Mpweya uja uli m'kati mwake umatchinga kuzizira kuti kusafike pa ayezi, monga momwe bulangete limatchingira mphepo ya mu Juni kuti isafike pathupi. Ayezi amene akadakula inchesi imodzi pa usiku umodzi wozizira kwambiri, akafundidwa ndi chipale amakula pang'onopang'ono, mwinanso kuima kumene.

Chachiŵiri, chipale ndi katundu. Kumbukirani kuti ayezi akuyandama pa madzi monga bwato, ndipo bwato lili ndi malire a katundu amene lingasenze. Ayezi amaposa madzi kupepuka pang'ono chabe. Ayezi wochindikala futi imodzi, gawo lake lotumphuka pamwamba pa madzi ndi inchesi imodzi yokha. Kwina konseko kuli m'madzi. Pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, katundu wa makilogalamu 25, ndiye kuti theka la thumba la chimanga, ndi wokwanira kuitsitsa inchesi imeneyo, ngati katundu wotero wayalidwa pa nyanja yonse. Chipale chouma chopepuka chimafika pa kulemera kumeneku chikaunjikana pafupifupi mainchesi 10, koma chipale chonyoŵa cholemera chimangofuna mainchesi 3 kapena 4.

Ayezi akatsika chotero, pamwamba pake pamakhala pansi pa mulingo wa madzi a nyanja. Madzi nawo saiŵala njira. Amatumphukira m'ming'alu ndi m'maenje onse amene asodzi adaboola, n'kuyamba kufalikira pansi pa chipale, kuchinyoŵetsa kuyambira kunsi. Motero pa nyanja pamakhala zinthu zitatu zosanjikizana: pansi ayezi wolimba, pakati phala la madzi ndi chipale, pamwamba chipale chouma choyera mbee.

Choopsa chake n'chakuti phalali silioneka. Munthu ataima pagombe amangoona chigwa choyera chosalala, chokongola. Ndipo popeza chipale cha pamwamba chikulifunditsa, phalalo siliundana msanga. Kunja kutha kuzizira madigiri 25 pansi pa ziro, koma pansi pa chipalecho madzi ali chikhalire kwa masiku ambiri, mwinanso milungu.

Njira yachiŵiri imene phala limabwerera ndi kufunda. Kukafunda kupitirira ziro masana, kapena kukagwa mvula, chipale chimasungunuka pamwamba pa ayezi, ndipo madziwo amasoŵa koloŵera. Nyanja yonse imasanduka chithaphwi chozizira.

MAVUTO AKE

Phala silitanthauza kuti ayezi wasweka. Pansi pake patha kukhala ayezi wa futi imodzi kapena kuposerapo. Koma mavuto amene limadzetsa ndi ambiri.

Woyenda pansi amangozindikira phazi lamira mpaka m'katumba, madzi aloŵa m'jombo. Kuno kwathu kunyoŵa mapazi si nkhani, koma kumeneko phazi lonyoŵa pa mphepo yozizira chotero litha kuundana, zala n'kufa mpaka kukadulidwa kuchipatala. Kukoka katundu m'phala kumatopetsa kuposa kuyenda m'matope a m'dambo, ndipo munthu akatuluka thukuta n'kuima, thukuta lomwelo limam'zizira.

Njinga yamoto yoyenda pa chipale ilibe matayala, imayendera lamba. Ikaloŵa m'phala lamba uja amangozungulira pamodzimodzi, n'kumadzikumbira dzenje. Galimoto nayo imatitimira mpaka m'mimba. Choipa koposa n'chakuti phala likavundukulidwa n'kukumana ndi mphepo, limaundana mofulumira. Mwini galimoto akaisiya kuti adzaitenge maŵa, amaipeza itagwidwa ndi ayezi ngati yaikidwa m'simenti, mabuleki ndi matayala zonse zitauma.

Nyumba za asodzi nazo zimakhala pa vuto lomwelo. Nyumba ndi yolemera, ndipo mphepo imaunjika chipale m'mbali mwake. Ayezi amatsika pamenepo, madzi amatumphukira m'maenje a m'nyumbamo, ndipo pansi pa nyumba pamaundana pamodzi ndi nyanja. N'chifukwa chake eni ake ochenjera amaikweza pa zipika, ndipo amabwera kaŵirikaŵiri kudzaisuntha. Wozengereza amadzagwira ntchito ya tsiku lathunthu ndi nkhwangwa ndi jeke.

Pomaliza, phala likaundana limabala ayezi woyera uja, wa theka la mphamvu. Nthaŵi zina limangoundana pamwamba pokha, n'kusiya madzi pakati. Msodzi akaboola amapeza kachikhokho ka mainchesi aŵiri, kenaka madzi, kenaka ayezi weniweni. Amene angoyeza kuchindikala konse pamodzi, osayang'ana mtundu wa ayeziyo, amadzinamiza yekha.

NJIRA YOPITA PA NYANJA

Pa nyanja zazikulu, misewu ya pa ayezi imakonzedwa ndi eni madoko, ndipo woloŵa ndi galimoto amalipira. M'maŵa uliwonse iwoŵa amayendera msewu, kuboola ndi kuyeza, n'kuzika timitengo tosonyeza njira. Amakankha chipale ndi malole okhala ndi chitsulo chachikulu kutsogolo, monga chija cha makina osalazira misewu. Kuchotsa chipale kuli ndi phindu paŵiri: galimoto zimadutsa, ndiponso kuzizira kumafika pa ayezi, motero ayezi wa pamsewu amachindikala kuposa wa m'mbali. Misewu yotere itha kukhala yaitali ndithu. Mu Januwale 2021, malire a Canada atatsekedwa chifukwa cha matenda a Covid-19, eni malo ogona alendo a ku Northwest Angle, dera la Minnesota limene msewu wake wapamtunda umadzera m'Canada, adalambula njira ya mamailosi pafupifupi 30, ndipo mamailosi 22 mwa ameneŵa adali pa ayezi wa Lake of the Woods.

Komabe chipale chokankhidwacho chiyenera kupita penapake. Chimaunjikana m'mbali mwa msewu ngati mizere ikuluikulu, ndipo kulemera kwa mizereyo kumatsitsa ayezi n'kumung'amba. Madzi amatumphukira pamenepo n'kusefukira mumsewu. N'chifukwa chake misewu imalambulidwa yotakata kwambiri, ndipo eni ake amaletsa kuboola dzenje pamsewu kapena pafupi nawo. Dzenje limodzi la munthu wosamva litha kumiza msewu umene anthu adaukonza mlungu wathunthu. Msewu ukasefukira palibe kuchitira mwina koma kuusiya n'kulambula wina. Amaletsanso liŵiro, pakuti galimoto yothamanga imakankha funde pansi pa ayezi, ndipo fundelo litha kuswa ayezi kutsogolo kwake, makamaka poyandikira gombe.

Chaka cha chipale chambiri ntchito imeneyi imawakulira. Mu Febuluwale 2019 mizinda ya Minneapolis ndi Saint Paul idalandira chipale cha mainchesi 39 m'mwezi umodzi wokha, ndipo asodzi ambiri m'chigawochi adavutika kufika pa nyumba zawo pa nyanja. M'nyengo yachisanu ya 2022 mpaka 2023, mzinda wa Duluth udalandira mainchesi 140, kuposa chaka china chilichonse chiyambire kulemba. Zaka zotere kuzizira kumakhalapo, koma nyanja zambiri zimakhala zosayendeka.

Malo ena ovuta ndi pagombe penipeni, pamene galimoto zimatsikira. Pamenepo madzi ndi osaya ndipo amafunda msanga. Madzi ochokera kumtunda amatsikira pomwepo. Matayala amabweretsa mchenga ndi mchere wa m'misewu. Mchere umasungunula ayezi, ndipo mchenga, pokhala wakuda, umakoka kutentha kwa dzuŵa. Motero zimachitika kuti pakati pa nyanja pali ayezi wa mafuti aŵiri, koma pagombe pali madzi okhaokha. Nsomba zilipo, ayezi alipo, koma khomo latsekeka.

Palinso ming'alu. Ayezi amanyala kukazizira ndipo amafutukuka kukafunda, ndipo potero amang'ambika ndi phokoso longa bingu. Mng'alu utha kutalika mamailosi angapo. Nthaŵi zina mbali ziŵirizo zimakankhana n'kutukumuka ngati mzere wa miyala. Eni madoko amayala milatho yachitsulo pa ming'aluyo, ndipo amaisuntha mng'alu ukasintha.

ZIMENE ZIDACHITIKA PA UPPER RED LAKE

Kuti timvetse zimene nyengo yofunda imachita, tione nyanja ya Upper Red Lake, m'boma la Beltrami. Nyanjayi ndi yokulirapo pang'ono kuposa nyanja yathu ya Malombe, ndipo nayonso ndi yosaya: kuya kwake ndi mafuti pafupifupi 15 basi. Gawo lalikulu la nyanjayi ndi la anthu a Ojibwe a ku Red Lake, ndipo gawo la kum'maŵa ndilo limene anthu ena onse amaloledwa kuŵedzako. Pokhala yosaya, imaundana msanga kuposa nyanja zina zazikulu, choncho asodzi olakalaka walleye amathamangira kumeneko nyengo ikangoyamba. Koma ndi nyanja yotambalala, yopanda zilumba zotchinga mphepo. Ngati mbali ina isadaundane, mphepo yamphamvu yochokera kumtunda imakankha ayezi yense kupita kumene kuli madziko, ndipo mng'alu wa pafupi ndi gombe umayasama.

Pa 28 Novembala, 2022, chibenthu chachikulu cha ayezi chidalekana ndi gombe chili ndi asodzi pafupifupi 200. Opulumutsa anthu adafufuza pamene mpata udali wochepa, nayalapo mlatho wongoyembekezera, ndipo onse adawoloka.

Chaka chotsatira zinthu zidanyanya. Disembala wa 2023 adali wofunda koposa Disembala wina aliyense m'mbiri yolembedwa ya Minnesota, ndipo pa Khirisimasi m'malo mwa chipale kudagwa mvula. Pa 29 Disembala madzulo, asodzi 122 adatsekeredwa pa chibenthu china pa nyanja yomweyo. Opulumutsa anthu asadafike, ena adayesa kuwolotsa anzawo pa kabwato, ndipo anthu anayi adagwera m'madzi, koma adavuulidwa. Onse 122 adapulumuka. Zitatero mkulu wa apolisi m'bomalo, a Jason Riggs, adaletsa kwa masiku angapo galimoto ndi njinga zamoto kuloŵa pa nyanjayo.

Nyengo yachisanu imeneyo, ya 2023 mpaka 2024, idathera pomwepo kukhala yofunda koposa zonse m'madera ambiri a chigawochi. Eni madoko adataya ndalama zambiri. Mpikisano waukulu woŵedza wa pa Gull Lake, pafupi ndi tawuni ya Brainerd, umene udayamba mu 1991 ndipo umasonkhanitsa asodzi pafupifupi 10,000 pamalo amodzi, mu 2024 sudachitike mwa nthaŵi zonse. Okonza ake adaona kuti ayezi sangasenze khamu lotero, motero adalola opikisana kuŵedza omwazikana pa nyanja zosiyanasiyana. China mwa zimene zidadzetsa kufundako ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific kumene kumasokoneza nyengo pa dziko lonse. El Niño yemweyo ndiye adadzetsa ng'amba kuno kwathu, mpaka mu Malichi 2024 boma la Malaŵi lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Chimene chidaumitsa chimanga chathu ndicho chidafeŵetsa ayezi wawo.

NZERU ZA ASODZI OZOLOŴERA

Nanga msodzi wanzeru amatani? Asadanyamuke amafunsa eni doko kapena ogulitsa nyambo, pakuti Dipatimenti ya Zachilengedwe siyeza ayezi pa nyanja iliyonse. Udindo ndi wa mwini miyendo. Poyenda amatenga ndodo yachitsulo yakuthwa kunsonga, n'kumagogoda patsogolo pake. Amaboola ndi kuyeza pa mafuti 150 alionse, chifukwa ayezi atha kukhala wochindikala pano koma wopyapyala pamtunda wa mapazi ochepa chabe. Amapeŵa pamathiriro a mitsinje, pansi pa milatho, pa akasupe ndi m'mabango, pamene madzi oyenda kapena kutentha kwa dzuŵa kumadya ayezi. Amayang'anitsitsa chipale: maŵanga otuŵa, kapena mapazi a amene adatsogola atadzaza madzi, ndi chizindikiro cha phala.

Oimika galimoto amalangizidwa kutalikirana mafuti 50 ndi kusuntha galimoto maola aŵiri alionse. Amauzidwanso kuboola kadzenje pafupi ndi galimoto, kutali ndi msewu. Madzi akayamba kusefukira pa kadzenjeko, ndiye kuti ayezi akutsika ndipo nthaŵi yochoka yakwana. M'nyumba za pa nyanja muli ngozi inanso. Chitofu chikamayaka m'nyumba yotsekedwa, kapena chipale chikatseka potulukira utsi, mumadzaza mpweya woipa wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda.

Ngati munthu wagwera m'madzi, Pulofesa Gordon Giesbrecht wa pa yunivesite ya Manitoba ku Canada, amene adafufuza kwa zaka zambiri mmene thupi limachitira m'madzi ozizira, adaphunzitsa manambala atatu osavuta kukumbukira. Mphindi imodzi yoyamba munthu amapuma mwabefu, ndipo ntchito yake pa mphindiyo ndi kudekha ndi kusunga mutu pamwamba pa madzi. Kenaka ali ndi mphindi pafupifupi 10 pamene manja ndi miyendo zikadamvera. Ndipo patha kupita pafupifupi ola limodzi asadakomoke ndi kuzizira. Wogwerayo atembenukire kumene adachokera, pakuti ayezi wa kumeneko adam'senza kale. Abaye ayezi ndi timisomali tiŵiri ta zigwiriro timene asodzi amavala m'khosi, amenye miyendo ngati akusambira, adzikoke chafufumimba, ndipo akatuluka asaimirire, koma agubuduke kutalikira dzenjelo. Wofuna kuthandiza asathamangire pamphepete pa dzenje. Aponye chingwe ali patali.

NSOMBA NAZO, NDI ZAKA ZIKUBWERAZI

Chipale chochuluka chimavutanso nsomba. Ayezi woonekera amalola kuŵala kwa dzuŵa kufika pa zomera za m'madzi, ndipo zomerazo zimatulutsa mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma. Chipale chochindikala ndi ayezi woyera zimatseka kuŵalako. Zomera zimafa n'kuyamba kuwola, ndipo kuwolako kumamaliza mpweya wotsalawo. M'nyanja zazing'ono zosaya nsomba zimatha kufa zambirimbiri, ndipo anthu amadzaziona zitayandama ayezi akasungunuka.

Nyengo ikamatha lamulo limalamula kuti nyumba zonse zichotsedwe pa nyanja: kummwera kwa chigawochi kumayambiriro kwa Malichi, kumpoto pakati pa Malichi, ndipo pa nyanja za m'malire ndi Canada pofika pa 31 Malichi. Wosiya nyumba yake amaimbidwa mlandu. Chaka cha phala, masiku ameneŵa amakhala a thukuta ndi mkangano.

Ndipo nyengo ya ayezi ikufupika. Mu 2021 akuluakulu oona zachilengedwe ku Minnesota adalengeza kuti pa zaka 50 nyanja zawo zidataya masiku 10 mpaka 14 a ayezi pa chaka. Mu 2020 Pulofesa Sapna Sharma wa pa yunivesite ya York ku Canada, pamodzi ndi anzake, adafalitsa zimene adapeza atafufuza imfa zoposa 4,000 za anthu omira m'nyengo yachisanu m'maiko 10. Adapeza kuti anthu amamira kwambiri osati kukazizira koopsa, koma kukakhala pakati pa ziro ndi madigiri 5 pansi pa ziro, nyengo imene ayezi amafooka koma anthu amakopeka kutuluka panja chifukwa kunja kwachita bwino.

Motero, omvera athu, msodzi wa pa nyanja youndana ali ngati msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amene amayang'ana kumwamba ndi kumvera mphepo asadakankhe bwato. Uyu amaopa mwera, uyo amaopa phala, koma onse aŵiri amadziŵa kuti maonekedwe a nyanja ndi onyenga, ndipo kuti nyanja ya dzulo si nyanja ya lero. Amene amabwerera kwawo ndi nsomba chaka ndi chaka ndi amene amafunsa eni doko, amayeza ndi dzanja lake, ndipo akaona kuti zinthu sizili bwino amabwerera osachita manyazi. Paja safunsa adadya phula.